Ndere za Pawindo

Ku Balaka kulibe nyanja, koma a Blasius anali nayo yawoyawo. Inali m'chipinda cholandiriramo alendo pa loji yawo, kuseri kwa siteshoni ya sitima: thanki yagalasi yotalika ngati bedi, yodzaza ndi madzi amchere. M'katimo munkasambira tinsomba tisanu ndi tiwiri, tachikasu, tabuluu, ndi tiwiri tofiirira tamizere yoyera tomwe sitinkasiyana. Pansi panali miyala yobookabooka, ndipo pamiyalapo panamera zinthu zofewa, zogwedezeka ndi madzi, zimene mlendo aliyense ankazitcha maluwa.

"Si maluwa amenewo," ankatero a Blasius, dzanja lili pamimba. "Ndi makorale. Ali ndi moyo ngati inu ndi ine. Za ku Nacala zimenezi."

Mkuluyu anagwira ntchito ya njanji zaka makumi atatu, ndipo popuma anaganiza zobwera kwawo ndi kachidutswa ka nyanja yaikulu ija. Anabweranso ndi munthu woisamalira, dzina lake Uladi, wa ku Ntaja koma wokulira kwa amalume ake ku Nacala, kumene anaphunzira ntchitoyi pa hotela ina.

Fauziya ankagwira ntchito pa desiki yolandirira alendo, moyang'anizana ndi thankiyo. Akamufunsa chimene amangoyang'anira uko, ankati amakonda nsomba. Sankanama ayi. Kungoti pafupi ndi nsombazo nthawi zambiri pankakhala munthu wina wamtali, wosalankhulalankhula, atapinda manja a shati, akupukuta galasi mosamala ngati akupukuta nkhope ya khanda.

Pansi pa thanki panali kabati yamatabwa, yokhoma ndi loko. Uladi sankaitsegula pali anthu. Ndipo palibe chinthu chimene chinkamusowetsa mtendere Fauziya ngati chitseko chokhoma. Tsiku lina ankaganiza kuti muli makalata a mkazi wa ku Nacala. Tsiku lina ankati mwina muli miyala yamtengo wapatali yodutsira pa Nayuchi mozemba. Kwa miyezi itatu anaika m'kabatimo chilichonse chimene mutu wake unapeka.

Lachinayi lina m'mwezi wa Epulo anafika kuntchito molawirira, n'kupeza kabati ili pululu. Uladi anali atagwada pamenepo, nkhope yake itawala ndi kuwala kofiirira kochokera m'katimo.

"Salamu aleikumu," anatero Fauziya chapansipansi.

Uladi anadzidzimuka, mutu n'kugunda thabwa. Anayankha moni akusisita pamutu.

"Bwezerani chitseko chakunjacho kaye, achemwali."

Fauziya anatseka, mtima ukuvina, nabwera kudzasuzumira. Munalibe makalata. Munalibe miyala. Munali kathanki kena kakang'ono, mapaipi, pampu yong'ung'udza, ndi nyale yofiirira. Pansi pa nyaleyo pankayandama chinthu chobiriwira, chopiringizana ngati waya wotsukira mapoto.

"Ndere?" anafunsa. "Loko yonseyi mukukhomera ndere?"

"Ndere zimenezi ndiye mwini thanki," anatero Uladi. "Taonani. Nsomba zimadya, zimachita chimbudzi. Chakudya chotsala chimawola. Zonsezo zimasanduka manyowa m'madzimu, osaoneka ndi maso. Nanga m'munda mukathira manyowa ambiri osabzalamo kanthu, mumamera chiyani?"

"Udzu."

"Basi. Udzu wa m'madzi ndi ndere zoipa, zija zoterera, zomata pamiyala. Zikamera pamwambapa zimakuta makorale mpaka kufa. Ndiye ine ndimalima zangazanga pansi pano, zamtundu wabwino, zosamata pa chilichonse. Madzi amatsika ndi paipi iyi, amadutsa mu nderemu, ndere zimadya manyowa aja, pampu n'kuwakwezanso ali oyera. Zoipa zija zikafuna kumera zimapeza mbale ili mbee. Lachinayi lililonse ndimakolola dzanja limodzi n'kutaya, manyowa n'kupitira pomwepo."

Anazula kamtolo, nakaponya mu ndowa ya madzi akale amene anali atangopopa m'thanki.

"Nanga mukubisiranji?"

"Bwana wathu amazimitsa ngakhale nyale ya kuchimbudzi munthu ali momwemo. Atamva kuti pali nyale imene imachezera kuunikira ndere, mukuona ngati angatani?" Anamuyang'ana m'maso, koyamba chiyambireni kudziwana. "Musauze munthu."

Mawu awiri okhawo Fauziya anayenda nawo tsiku lonse ngati switi yobisa m'tsaya. Anali ndi chinsinsi, ndipo chinali cha anthu awiri.

Asanaweruke anapita kuseri, kumene Uladi anasiya ndowa ija, navuula kamtolo kaja. Sanadzifunse chifukwa chake. Anakaika mu jumbo pamodzi ndi timadzi take, nakalowetsa m'chikwama. Kunyumba anakathira m'botolo lalikulu la maswiti limene anapempha pa golosale, naliika pawindo loyang'ana kotulukira dzuwa.

Lachinayi lotsatira anafunsa Uladi ngati angamamugaireko madzi otaya aja.

"Amchere amenewa? Mukatani nawo?"

"Ndikaphere udzu pakhomo. Wachuluka."

Uladi anangogwedeza mutu. Kuyambira pamenepo sabata iliyonse ankamudzazira chigubu cha malita asanu n'kuchiika pansi pa desiki.

Fauziya ankakhala m'kanyumba ka lendi ndi mnzake Princess, woperekera zakudya pa loji pomwepo, mtsikana amene pakamwa pake panalibe mabuleki. Princess anaonerera zonse: kusintha madzi Lachinayi madzulo, kutembenuza ndere m'mawa uliwonse kuti mbali zonse zione dzuwa, kamzere ka kyutekisi kolembedwa pabotolo. Madzi akatsika kupyola kamzereko, Fauziya ankawonjezera madzi akumwa a m'botolo, poti anamva Uladi akunena kuti dzuwa limamwa madzi okha, mchere limausiya.

"Iwe, tandiuza zoona," anatero Princess m'mawa wina akupaka mafuta m'miyendo. "Sing'anga wake ndi wa kuti? Konda ine wobiriwira sindinamuonepo."

"Si mankhwala."

"Chinthu chochoka m'manja mwa mwamuna, uli nacho m'botolo, ukuchisisita m'mawa uliwonse. Kwathu ku Phalula timati chiyani chimenecho?"

"Ndi ndere chabe."

"Chabwino. Zikagwira ntchito undigaireko, kuli dalaivala wina akundichedwetsa."

Ndere zinakula. Pofika Seputembala botolo linachepa, Fauziya n'kuzisamutsira m'kandowa kapulasitiki koonekera m'kati. Zinali ngati mutu wa kabichi.

Kumayambiriro kwa Okutobala Uladi anapita ku Nacala kukaona amalume ake ndi kukagula mchere wapadera wa thanki, umene ku Balaka sungaupeze. Anati akakhala masabata atatu. Ntchito yodyetsa nsomba a Blasius anaitenga okha, ndipo anaigwira ndi mtima wonse. Mlendo aliyense akafika ankamuitana kuti adzaone mmene nsomba zimathamangira chakudya. Tsiku la alendo asanu ndi mmodzi, nsomba zinkadya kasanu ndi kamodzi.

Sabata yachiwiri Fauziya anaona galasi likuchita chifunga chobiriwira. Sabata yachitatu miyala inamera tsitsi loderako, ndipo makorale anayamba kufinya ngati nkhonya. Anaganiza kuti akungomusowa Uladi. Iyenso ankamusowa, ndiye sanawadabwe.

Uladi anafika Lolemba m'mawa, thumba la mchere lili paphewa. Anaima pakhomo, nayang'ana thanki, moni n'kumuthawa pakamwa. Anagwetsa thumba, natsegula kabati Fauziya ali pomwepo.

Kathanki ka pansi kanali koyera ngati tambula ya mlendo. Madzi ankangodutsa. Nyale inali itazulidwa pa soketi, chingwe chake chitakulungidwa bwinobwino.

"Mwaona kusintha?"

Anali mayi Bernadetta, mkulu wa zaukhondo pa lojiyo, amene ankayenda ndi mtolo wa makiyi a maloko onse m'chiuno. Anaima kumbuyo kwawo, mopu ili m'manja, nkhope yowala ngati munthu wobweretsa mphatso.

"Ndikukolopa m'mamawa ndinangoona kuwala pamng'alu wa kabatiyo," anatero mayiwo. "Kutsegula, mayo ine, uve wake. Ndere ndowa yathunthu, nyale ikuyakira zomwezo. Ukwati wa mwana wa bwana uli pafupi, ndinati apongozi a ku Blantyre asadzatiseke. Ndinachotsa tsiku lomwe munanyamuka lija. Ndinapatsa abakha, nawonso anakana."

"Munathira sopo, amayi?" Uladi anafunsa ndi mawu otsika.

"Iyayi, ndine mwana ine? Sopo ndi nsomba? Ndinangotsuka ndi manja. Amuna inu ukhondo umakuvutani, koma musadandaule, tilipo."

Uladi anabweza chitseko cha kabati. "Zikomo, amayi."

Mayiwo atachoka, anatunga timadzi m'kabotolo kagalasi kotalika ngati chala, nadonthezamo mankhwala oyezera. Fauziya ankadziwa kuti madziwo akatsala oyera, ndiye kuti zili bwino. Tsikulo anafiira ngati madzi a chidede.

A Blasius analowa awiriwo akuyang'anabe kabotoloko. Iwonso anali ataona mmene thanki ikuipira, koma ankayembekeza kuti Uladi akangofika aikonza ngati mmene amakonzera mpopi.

"Masiku angati kuti ibwerere mwakale?" anafunsa.

"Sindingalonjeze, bwana."

"Chachitika n'chiyani?"

Fauziya anadikira kuti amve dzina la mayi Bernadetta. Silinatuluke.

"Ndi kulakwa kwanga," anatero Uladi. "Pali zimene sindinalongosole ndisanachoke."

A Blasius anapumira m'mwamba. "Tamvera, Uladi. Ukwati uli pa 23 Novembala, madyerero ake pompano. Apongozi anga ndawauza kuti ndili ndi nyanja. Sangabwere kudzaona chithaphwi. Ikafika sabata ya ukwati zili chonchi, ndikhuthula madzi onsewa, ndiikamo mbuna za ku Mangochi. Mbuna sizifuna injiniya."

Anatuluka.

"Simungasinthe madzi onse?" anafunsa Fauziya.

"Mchere ndabwera nawowu ndi wa miyezi itatu, wosintha pang'onopang'ono. Ndikauthira wonse lero, pakutha pa masabata awiri manyowa abwereranso, mchere ulibe. Pafunika chodya manyowawo tsiku ndi tsiku."

"Ndere za kudambo?"

"Zimafa m'madzi amchere. Zija ndinazitenga pa hotela imene ndinkagwirapo ntchito, ndipo ndapeza anaitseka, mathanki anagulitsa. Kuno sindidziwa munthu wina amene ali nazo." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Amalume akhala akundiitana. Akuti kudoko kukufunika munthu wa mapampu. Mwina ndi nthawi yake."

Mawu anafika pakhosi pa Fauziya: zilipo, zili pawindo langa. Koma kumbuyo kwa mawuwo kunali funso limene Uladi akanafunsa, ndipo funsolo linalibe yankho loti mtsikana n'kulinena masanasana pa desiki ya ntchito. Anatsegula buku la alendo nayamba kuwerenga mayina a anthu amene anachoka kale.

Madzulo ake anamuuza Princess zonse.

"Ndiye vuto lili pati? Kampatse."

"Akandifunsa chifukwa chimene ndazisungira miyezi isanu ndi umodzi?"

"Udzati umafuna kuphika ndiwo."

"Princess."

"Chabwino. Ukapereka, akudziwa, ndipo mayi Bernadetta akadziwa ndiye kuti msika wonse wadziwa kuti mwana wa Chisilamu wa ulemu wake uja amaweta konda ine m'ndowa. Ukapanda kupereka, munthu wako akwera sitima ya ku Nayuchi, iwe utsala ndi kabichi wakoyu. Sankha."

Fauziya anayang'ana kandowa kaja nthawi yaitali. Kenaka nkhope yake inayamba kuwala, kuwala kumene Princess ankakuopa.

"Nanga zitangopezeka m'kabatimo, osadziwika waikamo?"

Anasankha Lachisanu. Masana a Lachisanu Uladi ankavula ovolosi, kuikoleka m'sitolo, kuvala mkanjo woyera n'kupita kumzikiti, ndipo kiyi wa kabati ankatsala m'thumba la ovolosiyo. Nthawi yomweyo mayi Bernadetta ankapita kumsika, a Blasius ali pa chakudya. Princess anavomera kukhala pa desiki mphindi makumi awiri.

Fauziya anathamangira kunyumba, nakutira kandowa ndi chitenje, naimitsa kabaza. Anakhala chammbali, kandowa kali pamiyendo, madzi akukhavukira pa diresi pa bampu iliyonse.

"Ndi thobwa limeneli, achemwali?" anafunsa wakabaza, bambo wa ndevu zaimvi, akupalasa kukwera kamtunda ka kusiteshoni.

"Eya."

"Dzuwa lake limeneli, simungandigaireko kapu imodzi?"

"Silinapse."

"Likununkhira ngati usipa."

"N'chifukwa chake ndati silinapse. Tapalasani, bambo."

Zonse zinayenda monga anakonzera. Kiyi anali m'thumba. Loko inatseguka osalira. Ndere zinalowa m'kathanki, zinatembenuka kamodzi, n'kuyandama ngati sizinachokepo. Analumikiza nyale, kuwala kofiirira kuja n'kubwerera. Anakhoma, nabweza kiyi, nabisa kandowa pansi pa desiki, nakhala pampando wake mtima ukuimba. Anaona kale m'maganizo mmene Uladi adzadabwire, mmene adzayang'anire uku ndi uku, iye ali phee ngati sakudziwa kanthu, mwina zaka makumi awiri.

Chimene anaiwala n'chakuti nyale yoyaka imaonekera pamng'alu.

Mayi Bernadetta anabwera kumsika msanga tsiku limenelo. Anadutsa ndi dengu la tomato pamutu, naima. Anabwerera m'mbuyo masitepe awiri. Anatula dengu, nafufuza pa mtolo wa makiyi, natsegula kabati. Kenaka anachita chizindikiro cha mtanda, nathamangira kukhitchini. Pobwera anali ndi sefa yaikulu m'dzanja limodzi, dzanja linalo likukoka a Blasius, amene anali asanasambe m'manja. Princess anawatsatira ndi thireyi, ndipo nthawi yomweyo Uladi analowa pakhomo ndi mkanjo wake woyera.

"Onani nokha, bwana," anatero mayiwo. "Zinthu izi ndinazichotsa ndi manja anga awa masabata atatu apitawo. Abakha ndi mboni. Nyale ndinazula. Lero zabwerera zokha, nyale yadziyatsa. Muzifunsa chimene chikudwalitsa nsomba zanu."

A Blasius anawerama, nayang'ana, nabwerera m'mbuyo pang'ono. "Uladi, n'chiyani ichi? Waikamo ndiwe?"

Uladi anali atagwada kale, akuyang'ana ndere zija ngati munthu woona m'bale wake amene anamva kuti anamwalira.

"Iyayi, bwana. Ine ndinali kumzikiti. M'mawa munalibe kanthu umu."

"Mwamva?" anatero mayi Bernadetta. "Mwini wake sakuzidziwa."

"Chotsani," anatero a Blasius. "Mukazitenthe kuseri. Sindifuna zodabwitsa pakhomo pano ukwati uli pafupi."

"Bwana, dikirani, zimenezi ndi zimene..."

"Wati sukuzidziwa. Chotsani, mayi."

Sefa inalowa m'madzi. Inatuluka itanyamula mutu wonse wa kabichi uja, madzi akuchucha. Fauziya anaona miyezi isanu ndi umodzi ya m'mawa uliwonse ikulendewera pa sefa ya ufa, ndipo kuseri kwake anaona sitima ya ku Nayuchi. Anapezeka ataimirira.

"Musataye, amayi. Ndaikamo ndine."

Mitu inayi inatembenuka. Anawerama, natulutsa kandowa pansi pa desiki, nakaika pamwamba kuti aliyense akaone.

"Ndabwera nazo pa kabaza masana ano. Kiyi ndinatenga m'thumba la ovolosi. Pepani."

"Wazitenga kuti?" anafunsa a Blasius.

"Kunyumba. Zimakhala pawindo."

"Pawindo. Zinafika bwanji pawindo?"

"Ndinatola zimene a Uladi anataya. Mu Epulo."

"Epulo," anatero a Blasius, akuwerenga miyezi pa zala zonona ndi ndiwo. "Ndere za m'madzi amchere, m'Balaka muno, kuyambira Epulo. Madzi ake?"

"Ankandipatsa otaya aja. Ndinawanamiza kuti ndikuphera udzu."

"Chifukwa chiyani, mwana iwe?"

Fauziya anayang'ana pansi. Anamva makutu akutentha m'kati mwa mpango. Pampu inang'ung'udza. Madzi a pa sefa anadontha pa simenti, kamodzi, kawiri, katatu.

"Bwana," anatero Princess ali pakhomo la kukhitchini, "funso limenelo ngakhale nsombazo zikudziwa yankho lake. Zakhala zikuonerera chaka chonse."

Mayi Bernadetta anayang'ana Fauziya, nayang'ana Uladi, nayang'ananso sefa. Anatsitsa mawu. "Mwanawe, ndiuze ngati mayi ako. Ndi mankhwala?"

"Iyayi, amayi. Ndi ndere basi. Ndinkangofuna kuti zisafe."

Uladi anaimirira, nalandira sefa m'manja mwa mayiwo ndi manja awiri, nabwezera ndere m'madzi. Sanamuyang'ane Fauziya, ndipo Fauziya anathokoza mumtima. Kenaka anafotokozera a Blasius zonse zimene anamufotokozera iye mu Epulo: manyowa, munda wosabzala, mbale ili mbee. Anavomera kuti nyale yakhala ikuyaka mobisa chiikireni thanki. Ananenanso, mosamala kwambiri, kuti nsomba zisanu ndi ziwiri sizidya kasanu ndi kamodzi pa tsiku.

Mayi Bernadetta anakhala pansi pa mpando wa alendo. "Ndiye kuti ndinataya sefa ya madzi? Iwe n'kundiuza kuti zikomo?"

"Munachita ntchito yanu, amayi. Wosanena ndinali ine."

A Blasius anapukuta zala pa kansalu ka pa thireyi ya Princess. "Ndiye kuti pakhomo pano aliyense ali ndi chinsinsi chake kupatula mwini nyumba. Zimenezi zigwira ntchito?"

"Zatuwa pang'ono, masabata atatu sizinalandire madzi atsopano. Koma zili moyo, ndipo chakudya m'thankimu ndiye chosayamba. Zikhoza."

"Tsiku silinasinthe. Nyaleyo iyake." Anayamba kubwerera ku chakudya chawo, naima. "Koma ya kuchimbudzi muzizimitsabe."

Nkhani inafika kumsika dzuwa lisanalowe, monga Princess ananenera. Loweruka mayi wogulitsa mandazi pa geti anamulonjera Fauziya kuti "Mayi Ndere". Wakabaza wa ndevu zaimvi uja anamuimitsa pamsewu kufunsa ngati thobwa lija linapsa. Azakhali ake a ku Ulongwe anaimba foni kufunsa ngati n'zoona kuti wayamba kuyenda mwa asing'anga. Fauziya anayenda choweramitsa mutu sabata yathunthu.

Choipa kuposa zonse chinali chakuti Uladi sananenepo kanthu. Moni ankapereka, "zikomo" ananena kamodzi, basi. Tsiku lonse ankakhala ndi mswachi m'manja, kupala tsitsi lija pamiyala, kusintha madzi pang'ono, kuyeza. Koma akayeza, kabotolo kaja ankakaimika pakona ya desiki, osanena mawu, n'kuchoka. Sabata yoyamba kanali kofiira ngati chidede. Sabata yachiwiri kanali ngati chidede chothira madzi. Mayi Bernadetta, amene tsopano ankalondera kabati ngati nkhuku yofungatira, ankabwera kudzakayang'ana pa dzuwa n'kulengeza zotsatira kukhitchini.

Lolemba la sabata ya ukwati a Blasius anafika ndi magalasi awo owerengera. Kabotolo kanali ndi kufiira kochepa koti uchite kufunafuna. Ndere za pansi zinali zitadzaza theka la kathanki, zobiriwira ngati mpiru wa kudimba. Pamwamba, korale mmodzi wa pakona anali atafa, watsala mwala woyera. Koma ena onse anali atafunyulula nkhonya zija, akugwedezeka ndi madzi.

Mkuluyo anazungulira thanki kawiri. "Mbuna zikhale kwawo," anatero, napita.

Pa tsiku la ukwati Fauziya anawamva akuitana apongozi awo. Sanayambire pa nsomba. Anatsegula kabati, kuwala kofiirira n'kugwera pa nsapato za alendo.

"Anthu ambiri sadziwa," ankatero a Blasius, dzanja lili pamimba. "Chinsinsi cha nyanja chili pansi. Ine ndinazindikira kalekale."

Lachinayi lotsatira loji inali zii, alendo onse atapita. Fauziya anamva loko ikutseguka, madzi akutsikira mu ndowa. Sanadzutse mutu. Kenaka pa desiki panatera chigubu cha malita asanu, ndipo pamwamba pake kambale kokhala ndi dzanja limodzi la ndere.

"Zokolola zoyamba," anatero Uladi. "Mwini mbewu ndinu. Komanso ndaphunzira kuti si bwino kusunga zonse malo amodzi."

"Zikomo."

"Madziwo ndi a udzu uja."

Fauziya anatseka maso. "A Uladi, chonde."

"Ndinadutsa pakhomo panu mu Juni, popita kwa wowotcherera zitsulo. Udzu unali wofika m'mawondo. Ndinadutsanso mu Ogasiti, unali wofika m'chiuno."

"Ndiye munkadziwa?"

"Za ndere, iyayi. Ndikanadziwa sindikanagona ndi mutu wopweteka masiku anayi aja. Ndinkangodziwa kuti madzi anga sakupha udzu." Anakanda pamutu, pamalo pomwe anagunda thabwa paja. "Kwa wowotcherera zitsulo kuja ndinalibe chokawotcheretsa. Ulendo wachiwiri anandifunsa ngati ndasochera."

Fauziya anayang'ana thanki. Tinsomba tiwiri tamizere tija tinali pakona, tikuyang'ana kunja ngati tikumvetsera.

"Amalume ndawaimbira," anapitiriza Uladi. "Ndawauza kuti za kudoko apatse wina. Ndiye andifunsa funso limene ine ndalephera kuyankha. Akuti amalume anu amakhala kuti, ndipo Lamlungu amapezeka pakhomo?"

Chitseko cha kukhitchini chinali chotseka, koma kuseri kwake kunamveka supuni ikugwa, ndi mawu a mayi Bernadetta akuuza munthu wina kuti asunthe, nawonso amve.

Fauziya anakokera kambale kaja kwa iye, natembenuza ndere ndi chala kuti mbali inayo ione kuwala.

"Ku Ulongwe," anatero. "Kuseri kwa chigayo. Koma musauze munthu."